Chisomo wake uti? Kutcha mwana dzina lowanda m'Chigwa cha Shire

Tsiku la sikelo ya ana, kaya ndi pa Ngabu, kwa Makhuwira kapena pansi pa mtengo kwa Tengani, mlangizi wa zaumoyo amatolera timabuku tonse n'kutiunjika patebulo, kenaka n'kumaitana kamodzikamodzi. Akangoti "Chisomo!" amayi atatu amadzuka pamodzi, aliyense akumasula nsalu kuti atsitse mwana. Mlangizi amayang'ananso pachikuto n'kuwonjezera dzina la bambo, koma nthawi zina awiri amakhalabe chilili, poti ana awo ndi zidzukulu za munthu mmodzi. Mayi wapakati amene wakhala pambali amaziona zonsezi, ndipo ngati dzina lomwelo ndi limene walisunga mumtima miyezi yonseyi, amabwerera kunyumba akudzifunsa ngati si bwino kungolisiya.

Nthawi zambiri palibe chifukwa cholisiyira. Kuwanda kwa dzina loyamba pakokha sikupweteka mwana. Chopweteka ndi pamene dzina lonse, kuyambira loyamba mpaka la banja, lafanana ndi la mwana wina wa msinkhu womwewo m'mudzi womwewo, kapena pamene mwana mmodzi ali ndi mayina atatu osiyana m'mabuku atatu. Zonse ziwirizi zimapeweka ndi pepala limodzi ndi bolopeni, mwana asanakwane masabata 6. Koma kuti mudziwe ngati Chisomo wanu adzasowa pakati pa anzake muyenera kuwerenga, ndipo ambiri amakawerengera kolakwika.

Kolakwika koyamba ndi pa Facebook ndi m'mapulogalamu a moni pa wailesi. Kumeneko mumamva mayina a dziko lonse, ndipo dzina limene mukuliganizira limayamba kukulirani m'khutu paliponse, monga mmene mayi wapakati amayambira kuona apakati anzake pamsika uliwonse. Pa kalembera wa 2018 boma la Chikwawa linali ndi anthu oposa 560,000 ndipo la Nsanje pafupifupi 300,000. A Chisomo a kwa Chapananga alibe naye kanthu mwana wobadwira ku Marka. Amene angamusokoneze ndi ochepa: asuweni ndi abale a pakhomo, ana a m'kaundula wa nyakwawa yanu, anzake a pa sikelo, ndi amene adzakhale nawo pansi m'kalasi imodzi. Owerengedwa ndi amenewa basi.

Samu yake ndi yosavuta. Tiyerekeze kuti m'dera lanu ana 3 pa 100 alionse akutchedwa dzina limenelo. Kalasi ya Sitandade 1 ya ana 120, zomwe sizodabwitsa kuno chiyambire sukulu yaulere mu 1994, idzakhala ndi a Chisomo 3 kapena 4. Dzina lopezeka pa mwana 1 mwa 100 lidzapereka mmodzi, mwina awiri. Pali zinthu ziwiri zimene zimakweza nambalayi. Mayina athu ambiri sasankha mwamuna kapena mkazi: Chisomo, Chikondi, Mphatso, Madalitso, Chimwemwe, Tadala, Takondwa, onsewa amagwa konsekonse, pamene Grace amalimbirana ndi atsikana okha, Joseph ndi anyamata okha. Komanso kalasi imodzi siikhala ya ana obadwa chaka chimodzi. Boma limati mwana ayambe sukulu pa zaka 6, koma wina amayamba pa 8 chifukwa sukulu ili kutsidya kwa mtsinje, wina amabwereza kawiri. Choncho powerenga muphatikize ana amene ali kale ndi zaka 2, ndipo mukumbukire kuti obadwa m'zaka 2 zikubwerazi akhoza kudzamupeza wanuyo.

Yambani ndi pakhomo. Khalani pansi ndi wamkulu wa mbali iliyonse, azakhali kuchimuna, agogo kapena amalume kuchikazi, mutchule ana onse osakwana zaka 10 nyumba ndi nyumba. Musaiwale amene ali kutali, m'makomboni a ku Nchalo, ku Blantyre, kapena kutsidya ku Mozambique, chifukwa ukwati ukatha kapena maliro akagwa ana amenewa amabwera kudzaleredwa pakhomo pomwepo, n'kulembedwa sukulu yomweyo. Funsani dzina la m'mabuku, osangomva la pabwalo. Mwana amene aliyense amamuti Junior kapena Mayi akhoza kukhala Chisomo m'kaundula, inu osadziwa mpaka tsiku lokalembetsa sukulu.

Mukatha apo, pitani ku sikelo ya ana tsiku limodzi musanachire, mukangokhala phee n'kumamvetsera mayina akuitanidwa. Ola limodzi likukwana. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu sangakuonetseni kaundula wake, ndipo musamukakamize, koma mukamufunsa kuti, "Mwa ana a chaka chatha ndi chino, a Chisomo alipo angati?" adzakuuzani pamtima. Alezi a ku sukulu ya mkombaphala ndi aphunzitsi a Sande sukulu nawonso amadziwa. Aphunzitsi a Sitandade 1 amakuuzani za mayina amene anawanda zaka 6 zapitazo, zomwe zimathandiza pang'ono chabe, poti mayina amatha fasho ngati zitenje.

Mukapeza mmodzi kapena awiri m'mudzi, ndipo mayina a mabanja awo ndi osiyana ndi lanu, tchani mosaopa. Mukapeza atatu kapena kuposa a msinkhu umodzi, dzinalo likhoza kukhalabe, koma lifunika lachiwiri limene muzidzaliitanadi. Mukapeza mmodzi yekha koma wa dzina la banja lofanana ndi lanu, pamenepo ndiye lisiyeni. Mmodzi ameneyo ndi woopsa kuposa 10 a mabanja ena.

Kuno kuchigwa zoterezi zimachitika kwambiri chifukwa cha mmene timapezera dzina lomaliza. Mabanja ambiri salemba mfunda. Amatenga dzina loyamba la bambo kapena la agogo aamuna n'kulisandutsa la banja. N'chifukwa chake m'kaundula mumadzaza a John, a Petulo, a Thomasi, a Jonasi, komanso mayina amene anakwera ndi Zambezi ndi Shire kuchokera kwa Apwitikizi, monga Zuze yemwe ndi José, Juwawo yemwe ndi João, Antonyo, ndi Alufandika amene chiyambi chake ndi liwu lawo la nyumba ya kasitomu. Mayina otere ndi ochepa ndipo amangozungulira. Kwa Asena, kumene amalowola ndipo ana ndi a kuchimuna, abale aamuna anayi akamanga pamudzi pa bambo wawo ana awo onse amanyamula dzina limodzi la agogo, ndiye kuti zidzukulu 20 kapena kuposa za dzina lomaliza lofanana pa sukulu imodzi. Kwa Amang'anja a chikamwini ana a pamudzi umodzi amakhala ndi abambo ochokera kosiyanasiyana, choncho mayina omaliza amasiyana. Iwo vuto lawo ndi lina: banja likatha mwana amakalembedwa sukulu ndi dzina la amalume kapena la bambo womupeza, ndipo lija la m'kabuku ka sikelo limatsala lokha.

Mwana wachisamba ali ndi nkhani yakeyake, chifukwa dzina lake limasanduka la makolo ake moyo wonse. Kuyambira tsiku lotuluka m'chikuta, mayi uja sadzamvanso dzina la pautsikana wake kupatula kuchipatala ndi ku banki m'khonde. Adzakhala amake Chisomo pachitsime, kuchigayo, kudimba ndi pamaliro. Mudzi ukakhala kale ndi amake Chisomo atatu, uthenga wa pakamwa umasochera: mbale yobwereka imabwezedwa nyumba ina, wa kabaza amatsitsa thumba pakhomo lina, ndipo miseche yonenedwa za wina imamatirira pa wina. Anthu amathetsa okha powonjezera kamawu, ndipo kamawuko simusankha ndinu. Mumangozindikira muli amake Chisomo a mandasi, kapena amake Chisomo aafupi. Ngati pali mwana amene tinganene kuti dzina lowanda mumupewere, ndi woyambayu. Wachitatu kapena wachinayi mukhoza kumutcha Chisomo osataya nazo tulo.

Ana nawonso amasiyanitsana mwa njira yomweyo, ndipo iwo alibe chisoni. Mphunzitsi amangoti Chisomo A ndi Chisomo B, kapena kuitana dzina la bambo. Pabwalo la masewera amayang'ana thupi: wamkulu, wamng'ono, wakuda, woyera, wamutu, wotsimphina. Mayina otere amakakamira mpaka munthu kumera imvi. Mukapanda kupereka chosiyanitsira inuyo, anzake adzachipeza okha.

Ena amayesa kuthawa posintha mchira wa dzina. Thokozani wachuluka, ndiye amati Thokozile. Madalitso wachuluka, ndiye Madalo. Chikondi wachuluka, ndiye Chikondano. Papepala kusiyanako kumaoneka, pakamwa ayi. Pofika miyezi 3 onsewa ndi Thoko, Mada ndi Chiko. Powerenga paja muziwerenga chidule chake. Ndipo chidulecho muchitchule mokweza musanavomere, chifukwa Chifundo amasanduka Chifu, Takondwa amasanduka Tako, ndipo ana a Sitandade 2 sachedwa kumva zimene mawuwo akufanana nazo.

Dzina lachiwiri ndi limene limasintha samu ija kwambiri. Mayina awiri, lililonse lopezeka pa ana 3 mwa 100, amakumana pamodzi pa ana 9 mwa 10,000, ndiye kuti mwana mmodzi pa 1,100 kapena cha pamenepo. Sukulu yonse ikhoza kukhala yopanda wina wotero. Koma samuyi imagwira pokhapokha ngati mayinawo si oyenda limodzi kale. Chisomo Grace, Mphatso Gift, Madalitso Blessings, awa ndi dzina limodzi lonenedwa m'zinenero ziwiri, ndipo makolo ambiri amaphatikiza motero, choncho simunasiyanitse kanthu. Lachiwirilo litungeni kuchitsime china: dzina la agogo aakazi a mayi anu, dzina la Chisena kapena Chimang'anja limene latsala pang'ono kuiwalika, dzina la woyera mtima wa tsiku limene mwana wabadwa ngati ndinu Akatolika. Ndipo muziliitana. Dzina lokhala papepala pokha silikuthandizani pa sikelo. Lero muitaneni loyamba, mawa onse awiri pamodzi, kuti mwanayo ndi anansi alizolowere.

Mantha a dzina lofananawa makolo athu sankawadziwa. Iwo kupatsa mwana dzina la munthu wina ankakuyesa ulemu. Mpaka lero munthu akapeza adzina ake amasangalala, amawagulira sopo ndi kamalaya, ndipo ubale umenewo umakhalapo mpaka kukula. Lundu, Tengani ndi Malemia ndi mayina a ufumu amene anthu ambiri alowamo motsatana, ndipo sanachepe mphamvu chifukwa chogawana. Kungoti adzina kawirikawiri ankakhala a mibadwo yosiyana, gogo ndi mdzukulu, zakhali ndi mwana wa mlongo wake, kotero kuti palibe ankasokonezeka poitana. Lero zimene zikuchitika n'zina: amayi asanu a mpingo umodzi amva ulaliki umodzi, n'kutcha onse Favour m'chaka chimodzi.

Komabe mayina owandawa tisawanyoze, chifukwa analowa m'malo mwa mayina olemera kunyamula. Mbadwo wa agogo athu unali ndi a Mavuto, a Masautso, a Tsoka, a Maliro, a Ndaziona, a Mwandida, mayina amene mayi ankayankhira nawo apongozi, mkazi mnzake wa pamitala, kapena imfa imene inamulanda ana am'mbuyo. Mwana ankayenda atasenza mlandu wa akuluakulu. Kholo limene lero likusankha Chisomo kapena Mphatso likunena chabwino kwa mwana wake, ndipo kuti anansi akunenanso chomwecho sikuchotsa ubwinowo. Ofunika kuwaganizira kawiri ndi mayina okumbutsa zochitika. Chigwa chino chaona madzi a Januwale 2015, anamondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo mwana wobadwira pamsasa amakopa dzina la tsokalo. Limaoneka lapadera sabata imeneyo, koma pamsasa pomwepo pali amayi ena amene aganiza chimodzimodzi, ndipo ana awo onse adzakumana mu Sitandade 1 chaka chimodzi.

Nanga mwini wake wotcha ndani? M'mabanja ambiri wachisamba amatchedwa ndi akuchimuna, wotsatira ndi akuchikazi, ndipo wotchayo amaponya kangachepe m'mbale kapena kubweretsa nkhuku. Apongozi akabwera ndi dzina lomwe mwaliwerenga kale kanayi m'mudzi, kulikana pamaso n'kuputa nkhani imene izidzatuluka pa mlandu uliwonse wa banjalo. Njira yofatsa ndi kulilandira, n'kupempha kuti mbali inayo iwonjezere lake: "Amayi, dzina talilandira ndi manja awiri. Timati tipemphe kuti agogo ake a kuno aikepo lachiwiri, poti kwa achimwene kuli kale Chisomo, angamasokonezeke ku sukulu." Pempho lotere silikanidwa kawirikawiri. Nkhaniyi ikambidwe mimba ili ndi miyezi 7 kapena 8, mwakachetechete, kudzera mwa azakhali kapena ankhoswe. Tikudziwa kuti ambiri safuna kutchula dzina mwana asanabadwe, kuopa kutsogolera Mulungu. Sitikuti mulengeze. Anthu atatu okha adziwe, ndipo mayina akhale okonzeka mbali zonse, a mnyamata ndi a mtsikana.

Chifukwa chofulumirira motero n'chakuti mwambo ndi chipatala siziyendera tsiku limodzi, ndipo apa ndi pamene mavuto ambiri a mayina amayambira. Pamwambo mwana amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, sabata imodzi kapena iwiri, ndipo dzina limatuluka pamenepo. Kuchipatala mayi amene wachira bwino amatulutsidwa patatha tsiku limodzi kapena awiri. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti mwana aliyense alembetsedwe pasanathe masabata 6, ndipo kwa obadwira kuchipatala fomu yake, ya NR8, imadzazidwa komweko. Ndiye taganizirani mayi wotopa, wochokera kutali, mwina wakhala milungu itatu kuchidikiro, bambo ali kumudzi, foni yatha moto. Namwino akufunsa dzina. Mayiyo kapena gadiyani amatchula limene lamufikira msanga, ndipo lofika msanga ndi lomwe amalimva tsiku ndi tsiku. Atafika kumudzi, agogo akutcha lina. A Chisomo ena amene adzaza kaundula sanasankhidwe n'komwe, ndi mayina a pachangu.

Mwana ameneyo tsopano ali ndi mayina awiri osadziwana. Pa ubatizo, makamaka ku Katolika kumene ambiri amalandira dzina la woyera mtima, palowa lachitatu. Pa zaka 6 amene amapita naye ku sukulu ndi mchemwali wake wa Sitandade 5, yemwe amatchula la pabwalo ndi la bambo mmene iyeyo amalimvera. Palibe wanama, koma mabuku atatu akunena za ana atatu. Mankhwala ake ndi pepala lija. Lembani ndi zilembo zazikulu mizere itatu, dzina loyamba, dzina lachiwiri, dzina la banja, ndipo pambali pa mzere uliwonse mulembe kuti ili ndi liti. Zimenezi n'zofunika kwambiri kwa amene dzina la banja ndi ngati John kapena Petulo, chifukwa mlembi sangadziwe ngati mwanayo ndi Gift John kapena John Gift, ndipo akatembenuza kamodzi zimayenda chotembenuka mpaka kalekale. Pepalalo lilowe m'chikwama cha kuchidikiro pamodzi ndi zitenje ndi zovala za mwana, ndipo gadiyani adziwe pamene lili. Ngati banja laumirira kuti dzina lidikire mchombo, uzani namwino poyera kuti dzina silinatchedwe ndipo mufunse tsiku lodzabwera nalo, m'malo mongotchula lililonse kuti mutuluke msanga. Kubwera mudzabweranso ndithu: pali kuonedwa kwa mayi ndi mwana pakatha sabata, palinso katemera wa pa masabata 6.

Kalembedwe kagwetsa anthu ambiri kuposa kufanana kwa mayina. Boma lathu lomweli mumaliona litalembedwa Chikwawa pa chikwangwani china, Chikhwawa pa china, ndiye dzina la khanda lingapulumuke bwanji? Kuno timatchula bv ndi pf momveka, pamene kalembedwe ka Chichewa ka m'sukulu kanazichotsa kalekale, choncho Mabvuto wa m'kabuku ka sikelo amakhala Mavuto m'kalasi. L ndi r amasinthana mosapempha: Malita ndi Marita, Flora ndi Flola. Blessings amataya s wake, Esnart amakhala Esinati, Ellen amakhala Eleni, ndipo Mary, Maria, Mariya ndi Meri akhoza kukhala munthu mmodzi. Kwa ife ndi dzina lomwelo, koma kompyuta imawerenga anthu osiyana. Sankhani kalembedwe kamodzi, ndipo nthawi iliyonse wina akalemba dzina la mwana wanu, pemphani muone musanasaine kapena kudinda chala. Ngati kuwerenga kumakuvutani tengani mnzanu wodziwa, paja ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Zotsatira zake zimabwera mochedwa, n'chifukwa chake makolo sazionera patali. Dzina limene lalembedwa polembetsa mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi limene limayenda mpaka pa satifiketi ya Fomu 4. Pa zaka 16 mwana amatenga chiphaso cha unzika, chimene chiyambire kalembera wamkulu wa 2017 chimafunidwa paliponse: polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti ku banki, pa Airtel Money ndi Mpamba, pogula feteleza wotsika mtengo, polembedwa ntchito yodula nzimbe, popangitsa pasipoti. Chiphaso chikanena Chisomo Zuze pamene satifiketi ikunena Chisomo Joseph, wolemba ntchito sakhala ndi nthawi yomva mbiri ya Apwitikizi. Kukonza kumafuna kalata ya mfumu, kalata ya ku sukulu, kulumbira pamaso pa woweruza kapena loya, ndi maulendo angapo a ku boma. Kusintha dzina kwenikweni kuli ndi lamulo lakelake, lofuna chilolezo ndi kulengeza m'nyuzipepala. Kwa munthu wa kwa Nyachikadza kapena ku Makhanga, amene ulendo wa ku boma ndi bwato, kabaza ndi minibasi, ndalama za maulendowo zikhoza kugula mbuzi.

Pa chiphaso aliyense ali ndi nambala yake, choncho akuluakulu awiri a dzina limodzi boma limawasiyanitsa. Koma m'mudzi zinthu zambiri zimayendabe ndi mndandanda wolemba pamanja n'kuwerengedwa mokweza: chimanga cha thandizo madzi akasefukira, masikito, mbewu, ana olandira chiponde. Pamsasa ngati wa ku Bangula pamasonkhana midzi yambiri, ndipo timagulu tija munawerenga patokhapatokha timaphatikizana usiku umodzi. Mayina awiri ofanana ndendende pa mndandanda umodzi amaoneka ngati munthu wadzilembetsa kawiri, ndipo wokonza mndandanda amafufuta limodzi. Kapena woyamba kuyankha amalandira, wachiwiri n'kuuzidwa kuti wasaina kale. Zimene zimapulumutsa pamenepo ndi dzina lachiwiri, tsiku lobadwa ndi dzina la nyakwawa. Muziumirira kuti zilembedwe zonse ngakhale mlembiyo ali pachangu.

Pothawa dzina lowanda, makolo ena amakagwa m'mavuto oposa pamenepo. Amalumikiza theka la dzina la bambo ndi theka la dzina la mayi, kapena kutola liwu la Chingerezi pa filimu, pa jezi ya mpira, pa botolo la mafuta odzola, osafufuza tanthauzo. Chikomekome cha mkuyu. Dzina lotere palibe wina ali nalo, zoona, koma palibenso amadziwa kulilemba, ndipo mlembi aliyense amalipanga mwa iye yekha. Apa dzina lowanda limapambana kutali: Chisomo, Mphatso kapena Chikondi amalembedwa molondola ndi aliyense kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, ngakhale ndi mlembi amene watopa ndi dzuwa la Okutobala. Amene akufuna dzina losowa koma lolembeka ayang'ane kwathu konkuno. Wandale uja Gwanda Chakuamba ankadziwika dziko lonse ndi dzina loyamba lokha. M'mabanja mwathu mukadali mayina otere, ali ndi nkhalamba zimene palibe wazifunsa.

Dzina lililonse, lowanda kapena losowa, liyeseni musanalilembe. Agogo alitchule: ngati Precious atuluka Pulesha, Prince atuluka Pulinsi, dziwani kuti limenelo ndi limene mudzi uzidzaitana, ndipo muone ngati mukulikondabe. Kenaka litchuleni kamodzi kwa anthu awiri odziwa kulemba, aliyense payekha, alembe osaonerana. Akalemba zosiyana, zidzakhala choncho m'maofesi moyo wonse. Mulikuwenso ngati mwana ali kutsidya kwa dimba, pamodzi ndi mayina a abale ake. Tadala, Tamanda ndi Takondwa pakhomo limodzi amaoneka bwino pa makhadi a ubatizo, koma mukakuwa patali amabwera onse kapena sabwera aliyense. Pamene pakhomo amalankhula Chisena ndi Chichewa, funsaninso ngati dzinalo silikutanthauza zina m'chinenero chinacho.

Pali chinthu chinanso chimene chimasinthitsa mayina m'masabata oyamba. Mwana akamalira usiku wonse, akuluakulu ena amati wakana dzina, kapena kuti wina wa kumizimu akufuna lake. Za chikhulupiriro sititsutsana nazo pano, koma khanda losakwana mwezi limene likulira mosalekeza, kutentha thupi kapena kukana bere lipite kuchipatala tsiku lomwelo, za dzina zikambidwe pobwera. Banja likagwirizana zosintha, latsopanolo likhale loitanira pakhomo, la m'mabuku lisakhudzidwe. Ngati mukufunadi kuti lilowe m'mabuku, chitani msanga chiphaso cha kubadwa chisanasindikizidwe, ndipo musinthe paliponse nthawi imodzi.

Mukatcha Chisomo wanu, sikelo ndi imene idzakuyeseni koyamba, chifukwa maulendo ake ndi ambiri: masabata 6, 10 ndi 14, chikuku pa miyezi 9 ndi 15, ndipo kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene katemera wa malungo anayamba kuperekedwa mu 2019, palinso miyezi 5, 6, 7 ndi 22, kuwonjezera kuyeza kulemera mwezi ndi mwezi. Pachikuto cha kabuku lembani mayina onse atatu, tsiku lobadwa, dzina la mayi ndi la mudzi. Matani kachidutswa ka chitenje pakona kuti muzikadziwa kali pamulu. Mlangizi akakubwezerani, tsegulani muone ngati ndi kanudi komanso ngati katemera wa tsikulo walembedwamo, musanachoke pamzere. Timabuku tiwiri tikasinthana, mwana wina amaoneka kuti wabayidwa pamene sanabayidwe, mnzake n'kudzabayidwa kawiri. Chiphaso cha kubadwa chikatuluka chijambuleni pa foni, chithunzicho mutumize kwa wachibale wa kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre. Chenichenicho chikhale m'majumbo awiri omanga bwino pamodzi ndi kabuku, chopachikidwa kudenga, pamene dzanja lingafike mumdima madzi akayamba kulowa m'nyumba.